Makina a ku Nyimba Akundifunsa

Lolemba, 15 Novembala 1999

Ndabwerako ku Nyimba. Kutentha kosaneneka, mapazi atupa ngati mabanzi. M'basi munali mbuzi ziwiri, ine ndi mimba yangayi pampando wa pa tayala.

Ndilembe zomwe zachitika, mwina mutu ukhala pansi. Ndinati ndiyese pulogalamu yanga ya Sikelo pa kompyuta ya pa kiliniki ya mpingo, ndione idzachita bwanji chaka chikatembenuka. Ndinasuntha wotchi ya makina kufika kumapeto kwa Januwale 2000, n'kulembamo mwana wongopeka, wobadwa tsiku lomwe anasi a kuchipatala akuti ine ndidzachira. Yankho: ZAKA 100. Katemera: PALIBE WOFUNIKA.

A Njobvu, kalaliki wa pa kilinikipo, anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. Ati, "Amai Miti, mwanyamula nkhalamba." Ndinaseka mpaka wa m'mimbayu anandiponda m'nthiti. M'basi kuseka kunatha.

Sikelo ndi kapulogalamu kakang'ono koma ndi kanga. Ukalemba tsiku lobadwa ndi kulemera kwa mwana, ikuuza msinkhu wake, ngati akukula bwino, ndi tsiku la katemera wotsatira. Makadi ambiri chiswe chinadya, ena ananyowa, ndiye anasi amadalira iyoyo. Mwana wa Januwale akayesedwa wa zaka 100, katemera amupitirira.

Lachitatu, 17 Novembala

Vuto ndalipeza, ndipo si mizere yomwe ndinalemba ine. Pulogalamu iliyonse ndi yobwereka. Kuwerenga deti, kulemba pa sikirini, kutumiza ku pirinta, zonsezi sulemba wekha, umatenga mu laibulale, nkhokwe ya tizigawo topangiratu imene imabwera ndi kompaila, chida chomangira pulogalamu. Ndikamanga Sikelo pa makina alionse, kompaila imangotola laibulale yomwe yaipeza pakhomopo. Makina atatu, malaibulale atatu. Ya mu ofesi muno ku Petauke, pa Windows, imawerenga chaka chonse. Ya pa laputopu yomwe imapita ku Sandwe pa njinga yamoto, pa Linux, chimodzimodzi. Kompyuta ya ku Nyimba ndiye mbuya weniweni, nkhalamba ya DOS, mphatso ya mpingo wina wa kunja. Kompaila yake dzina linafufutika kale, laibulale yake imangoona manambala awiri omaliza. Kwa iyo 00 ndi 1900.

Masana abwana a bungwe anabwera kuchokera ku Chipata. Ndawauza zonse, kubisa sindidziwa. Ati, "Ikazanama mu Januwale tizaichosa chabe. Tibwelele ku makadi, na nchito ya kompyuta isile pamene apo." Anena mofatsa, akumwa tiyi wanga.

Ntchito ya kompyuta ndi ine. Ndiponso ndi mpando wa a Njobvu, amene anachotsedwa kale kamodzi, nthawi ija boma linatseka madepoti ogula chimanga. Munthu wamkulu, anaphunzira kutaipa ndi zala ziwiri ali ndi imvi.

Ku sikelo ya amai oyembekezera andiuza kuti magazi akuthamanga. Basi ya ku Nyimba ayi, mpaka nditachira.

Loweruka, 20 Novembala

Amai afika kuchokera ku Nyampande, pa thirakitala ya munthu wa thonje. Akuti akhala mpaka mwana abadwe. Abwera ndi nyemba, nkhuku imodzi, ndi chikwama chachikulu cha mizeremizere cha ine, chopita nacho kuchipatala.

Tachitsegula pamphasa. Beseni, pulasitiki yakuda yoyala, lezala yatsopano, ulusi womangira mchombo, sopo, thonje, zitenje zomwe iwo amati makapulana, kandulo, machesi, kapu, supuni, ngakhale mchere mu kabotolo ka mafuta odzola. Ndinati amai, ndikupita kuchipatala cha m'tauni, si kuthengo. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Ati, "Kwa wene ni kwa wene, mwana wangu. Usati uziti nikapeza kwamene kuja. Olo mchele, nyamula wako."

Munthu ameneyu anawoloka malire ndili kumsana, nkhondo ili m'mbuyo, ndipo mpaka lero amanyadira kuti pa msasa wonse ndi iye yekha anafika ndi singano. Kutsutsana naye n'kutaya malovu.

A Miti, amuna anga, anyamula chikwamacho n'kunamizira kuti msana wathyoka. Apongozi awo sanaseke.

Ndinaseka ine, kenako nzeru inandifikira. Sikelo imapita kwa eni manja ali lende, n'kumapempha mchere. Njira yake tinaphunzira ku koleji ku Lusaka, ulesi basi: kuika laibulale yako m'kati mwa pulogalamu, n'kuuza kompaila kuti za pakhomo isakhudze. Ndikanangolemba kachigawo kanga ka deti n'kusiya zinazo, koma lero ndi deti, chaka chatha inali pirinta, mawa chidzakhala china ine ndili ndi khanda pamiyendo. Inyamule zonse.

Lachiwiri, 23 Novembala

Mvula yoyamba yeniyeni. Fungo la dothi mpaka mu ofesi. Ana a sukulu akuthamangira inswa kuseri kwa positi.

Ndapeza sidi yanga ya ku koleji pansi pa sutikesi. Muli laibulale yaing'ono yaulere, mizere yake yonse yoonekera, deti imawerenga chaka chonse. Ndapanga foda m'kati mwa Sikelo, dzina KAMBA, kamba wa paulendo, n'kuikamo. Kenako mekifailo, kafailo kamene kamauza makina kamangidwe, ichi chiyambe, ichi chitsatire, zipangizo utenge apa. Ndalembamo malamulo awiri. Loyamba: manga kaye za mu KAMBA. Lachiwiri: laibulale ya pakhomo usaiyang'ane n'komwe.

Pa makina a mu ofesi yamangika ulendo woyamba. Ndinaomba m'manja ndekha, mlonda anasuzumira pawindo.

Koma sindinaikhulupirire. Kompaila ili ngati mwana woti wamuletsa kudya kwa aneba, amabwera atapukuta pakamwa. Ndinabisa laibulale ya pakhomo, kuisintha dzina, n'kumanganso. Pomwepo yalira: kachigawo kozungulitsa manambala a kulemera sikakupezeka. Ndiye kuti inkabadi kwa aneba. Ndakaonjezera mu KAMBA, ndamanganso, zii, yadutsa.

Feteleza wakweranso. A Miti akuti chaka chino tithira theka, kwinako manyowa a kwa apongozi awo.

Lachisanu, 26 Novembala

Laputopu yabwerako ku Sandwe, fumbi mpaka m'mabatani. Ndaipukuta ndi mswachi wakale.

Masiku awiri kulimbana ndi zinthu zopusa. Makina awa amalekanitsa mafoda ndi kamzere kopendekera uku, awo kopendekera uko. Mbuya wa ku Nyimba salola dzina la failo lopitirira zilembo zisanu ndi zitatu, laputopu nayo imati KAMBA ndi kamba ndi anthu awiri osiyana. Ndagawa mekifailo zipinda zitatu pamwamba, chipinda chilichonse cha makina ake, pansi pake ntchito imodzi ya onse. Mayina onse ndawadula, onse zilembo zazing'ono. Laibulale imodzi, makomo atatu.

Laputopu yamanga. Wotchi kutsogolo, mwana wanga wongopeka: masabata awiri. Bwino.

Ndikusangalala ndi ntchito imeneyi, ndinene zoona. Ili ngati kupeta mpunga, pang'onopang'ono timiyala tikutha.

Kunyumba amai alanda khitchini. A Miti akudya ndiwo za chiponde tsiku lililonse, akuti ukwati wayamba tsopano. Ndawauza akwatire apongozi awowo.

Lachitatu, 1 Disembala

Sikelo ndi KAMBA wake sizikukwana pa fulopi imodzi, kadisiki konyamulira mafailo. Mbuya wa ku Nyimba sidi saidziwa. Mafulopi awiri sindikufuna, a Njobvu adzasokoneza woyamba ndi wachiwiri, kapena wina adzafera m'thumba la kondakitala.

Tsiku lonse kuchotsa. Zowerengera ma engo, ngodya za m'masamu, kunja. Zolankhulana ndi makina ena pa waya, kunja, ku Nyimba waya wake uti. Zilankhulo za maiko ena, kunja. Ndikachotsa chimodzi ndimanganso, kuona ngati sindinadule mtsempha. Pofika madzulo yakwana, malo otsala pang'ono oti a Njobvu azisunga zosintha zawo.

Ndafika kunyumba ndili wokondwa, ndati amai, nachonso chikwama tichepetse, kandulo ndi supuni zichoke. Anakhalira chikwamacho. Zenizeni, kukhala pamwamba pake n'kuyamba kusenda nyemba.

Mwana akusuntha kwambiri ndikakhala pa kompyuta. Mwina phokoso la fani yoziziritsa makina. Mwina akufuna kuona zaka zake.

Lolemba, 6 Disembala

Mbali ya DOS ndaiyesa pa makina a mu ofesi, kuwatsitsa kuti akhale ngati mbuya. Yamanga, yayankha bwino. Ndapanga kafailo kamodzi, dzina manga, kuti a Njobvu asavutike: alowetse fulopi, akope foda, alembe manga, adikire. Katemera akasintha, asinthe mzere umodzi mu tebulo, alembenso manga. Basi.

Fulopi ndaikulunga mu pulasitiki ya shuga, kenako mu envelopu, n'kupatsa a Jonas, kondakitala wa basi ya m'mawa. Ndawachenjeza kuti asaiike pafupi ndi sipika ya wailesi. Ati, "Amai, ine nanyamulako mazila kufika ku Lusaka, palibe inapwanyika." Ndawagulira chimanga chootcha.

Ndikanakonda kupita ndekha. Ndinaima pa siteji mpaka basi inakhota. Anasi akanandiona akanandikalipira, dzuwa lonse lija.

Lachinayi, 9 Disembala

Foni ya mu ofesi inalira cham'mawa. A Njobvu, kuchokera ku positi ya ku Nyimba, mawu akumveka ngati ali m'chitsime.

Poyamba moni wautali, odwala kunyumba, mvula. Ndafunsa za Sikelo. Ati, "Vili bwino." Munthu uyu denga la kiliniki litadontha pa pirinta anati vili bwino. Ndati bambo, nenani zomwe zalembedwa pa sikirini. Ati, "Makina yakufunsani, amai. Yalemba ati EZELINA siyamupeza. Nayauza kuti muli ku Petauke, siyamvela."

Ndinaseka mpaka misozi, iwonso kumeneko akuseka, makobidi a positi akutha. Foni itaduka ndinatsegula mekifailo. Ndi pomwepo, m'chipinda cha DOS: C:\EZELINA\SIKELO\KAMBA. Ndinalozera kompaila ku foda ya dzina langa, ya pa makina a mu ofesi muno. Poyesa inadutsa chifukwa pano EZELINA alipo. Kamba ndinamanga bwinobwino, koma ndinauza wapaulendo kuti akamva njala abwerere kwa ine adzadye.

Manyazi pang'ono. Komanso, ndisaname, kamtima kena kanakoma. Ku Nyimba kuli chinthu chimene chimandifuna ndi dzina.

Lachisanu, 10 Disembala

Ndakonza. Dzina langa ndalichotsa paliponse, ndafufuza failo ndi failo. Tsopano mekifailo ikuti: yang'ana pomwe waimapo, KAMBA ali pambali pako. Kaya foda aiika pati, kaya aitcha dzina lanji.

Poyesa ndachita zomwe ndikanachita poyamba. Foda ya EZELINA ndaisintha dzina, Sikelo ndaikopera kumalo achilendo, laibulale ya pakhomo ndaibisa. Ndamanga pa onse awiri, ofesi ndi laputopu, mbali zonse zitatu. Palibe yandifunsa.

Chotsala ndi kompaila ya mbuya, yopanda dzina ija. Ilipo ku Nyimba kokha. Ngati idzameza KAMBA wanga kapena kumulavula, pano sindingadziwe.

Fulopi yachiwiri yapita ndi a Jonas. Pa envelopu ndalemba kuti a Njobvu akamanga asunthe wotchi, ayese mwana wa Januwale, andiimbire.

Amai apeza kuti lezala ya m'chikwama a Miti anameta nayo ndevu. Nyumba inachepa. Mwamuna wamkulu, mphunzitsi wa giredi seveni, kuthamanga kukagula ina ku kantemba mvula ikugwa.

Lachinayi, 16 Disembala

Foni yafa. Mphepo ya Lolemba inagwetsa mitengo ya waya kwinakwake kumsewu waukulu. Mu ofesi ukanyamula chomvera, zii.

Ndinapita pa siteji kukadikira a Jonas. Envelopu anapereka m'manja. Yankho? Ati, "Ati nikuuzeni kuti vili bwino."

Vili bwino! Ndimutani ine vili bwino ameneyu? Angatanthauze kuti yamanga ndipo mwana ali ndi masabata awiri. Angatanthauzenso kuti makina apsa. Ndawapempha a Jonas akafunse kuti mwana ali ndi zaka zingati. Anandiyang'ana pamimba, n'kundiyang'ana kumaso, ati mafunso otero kwa mwamuna wa eni iwo safunsa.

A Miti akuti apite okha Loweruka. Ndakana. Kumunda udzu wakula, ndipo iwo kompyuta amaiopa ngati njoka, akakafika adzangobwera ndi vili bwino wachiwiri.

Magazi atsika pang'ono. Anasi akondwa. Mawa ndi tsiku lomaliza ku ofesi.

Loweruka, 25 Disembala

Khirisimasi yabwino. Tchalitchi chodzaza, ine pa benchi ya kumbuyo pafupi ndi khomo. Nkhuku ya amai yatha lero, ndi mpunga. Atate anabwera pa njinga kuchokera ku Nyampande, atavala jekete yawo ya ukwati, anaimba nyimbo ya Chipwitikizi ya kubadwa kwa Ambuye, mawu theka aiwala. Amai akuwakonza mzere uliwonse.

Atate anafunsa kuti ntchito yanga kwenikweni ndi yotani. Ndafotokoza za KAMBA. Anagwedeza mutu nthawi yaitali, ati ndiye kuti ndimalongedza katundu wa makina. Ndavomera. Palibe anaifotokozapo bwino chonchi.

Masana onse pamphasa pansi pa mango, mapazi pa mtondo. Ndinaiwala za Nyimba mpaka dzuwa kupendeka.

Lachisanu, 31 Disembala

Tauni yonse nkhani ndi imodzi, akuti pakati pa usiku makompyuta a dziko lonse adzaima, ndege zidzagwa, mabanki adzaiwala anthu. Pa msika makandulo atha. Mai wogulitsa tomato wandifunsa, poti ndine wa makompyuta, ngati agulitse mbuzi zake lero. Ndamuuza mbuzi zilibe wotchi.

Amai akuti dziko likatha, chikwama chili chokonzeka.

Ine za ndege sizikundikhudza. Ndikuganiza za mbuya mmodzi wa pa tebulo la matabwa ku Nyimba, wofundidwa nsalu ya tebulo yoluka. Ndachita zomwe ndikanatha. Mtima uli m'malo, mwina chifukwa thupi latopa kwambiri moti nkhawa ilibe pokhala.

Lachiwiri, 4 Januwale 2000

Dziko lilipo. Mbuzi zilipo.

A Miti anandiperekeza ku ofesi pang'onopang'ono, kuima pa mthunzi uliwonse. Makina a mu ofesi bwino, laputopu bwino, koma amenewo sanali odwala. Foni ikadali yakufa. A Jonas asinthidwa, ali pa basi ya ku Chipata tsopano, watsopanoyo sindimudziwa.

Ku Nyimba sikelo ya ana ndi Lachiwiri. Ndiye kuti lero. Mwina pabwera kale mai ndi khanda la pa Nyuwere.

Kulemba deti kukuvuta, dzanja likufuna 19.

Loweruka, 8 Januwale

Msana kuyambira m'mawa. Amai akuti si lero, koma chikwama achiika pakhomo. A Miti apita kukafuna galimoto ya a dikoni.

Ndasesa, ndachapa. Ndikumva bwino, mantha pang'ono. Ndimati ndilembe kakalata ka a Njobvu kuti ngati yakana ayambe ayang'ana ngati

Lachisanu, 21 Januwale

Tisunge. Mtsikana. Anabadwa Lamulungu pa 9, kukucha. Tsitsi lambiri, mphuno ya atate ake, mawu a ambuye ake, amai anga.

Za m'chikwama zinagwira ntchito zonse. Magetsi anazima, kandulo inayaka. Lezala ndi ulusi, zathu. Supuni anabwereka mai wa bedi loyandikana, mchere anabwereka wodi yonse. Amai anangoyenda ndi kabotolo kawo bedi ndi bedi ngati wogawa mgonero. Ndawapepesa za kandulo. Ati apepese ndi a Miti, za lezala.

Kugona kulibe. Mkaka ulipo wambiri. Ndimangomuyang'ana, nthawi n'kupita. Sindinadziwe kuti munthu ungakhute ndi kuyang'ana.

Za Nyimba palibe. Ndimazikumbukira poyamwitsa, kenako iye akatsamwa ndaiwala.

Lachinayi, 10 Febuluwale

Uthenga wochokera ku ofesi: abwana adzayendera makiliniki kumapeto kwa mwezi, ndipo za Sikelo adzagamula pomwepo. Foni akuti inakonzedwa sabata yatha. A Njobvu sanaimbe. Ndinatuma a Miti akaimbe ku positi ya ku Nyimba, wa pa positi anati aitana munthu, anadikira mpaka anatopa.

Kusaimba kuli pawiri. Munthu saimba zinthu zikamayenda. Saimbanso akafundika makina nsalu n'kubwerera ku makadi, kuopa kuvutitsa mai wa khanda. A Njobvu angachite zonse ziwiri ndi nkhope imodzimodzi.

Katemera wa masabata asanu ndi limodzi wayandikira. Kiliniki ya kuno ili pafupi, kungodutsa msika. Ndanena kuti ine ndikabayitsa ku Nyimba. A Miti akuti imeneyo ndi misala ya uchembere. Amai anangoyamba kulongedza matewera.

Chimanga chamasula ngakhale feteleza anali theka. Maungu ayamba.

Lachiwiri, 22 Febuluwale

Nyimba.

Basi ya m'mawa, amai pambali ndi chikwama, Tisunge pachifuwa, anagona njira yonse. Nthochi za pa siteji ya Nyimba zikadali zotsekemera kuposa zathu.

Pa kiliniki mzere wa amai mpaka pa mtengo wa mthethe. Sindinalowe ku ofesi. Ndinakhala pamzere ngati wina aliyense, khadi m'manja, khutu lili kuwindo. Kenako ndinaimva, pirinta, kulira kwake kuja ngati akung'amba chitenje. Nsalu yoluka inali pa mpando, osati pa makina.

Anasi anamuika Tisunge pa sikelo yopachika, analira mokwiya, anandipatsa kapepala ka kulemera kuti ndipite nako pa tebulo. A Njobvu mutu uli pansi, zala ziwiri m'mwamba. Ati, "Siku yobadwa?" Ndati 9 Januwale 2000. Anataipa, n'kukweza maso, magalasi anatsala pang'ono kugwa.

Sindinawapatse moni, Mulungu andikhululukire. Ndinazungulira tebulo kukaona sikirini. MASABATA 6. AKUKULA BWINO. Katemera wa lero, ndi tsiku la wotsatira mu Malichi.

Ndinafunsa chifukwa chake sanaimbe. Anadabwa zenizeni. Ati, "Nanga sininatume a Jonas kuti vili bwino?" Fulopi yachiwiri inamanga tsiku lomwelo. Mu Januwale kunabwera lamulo loonjezera vitamini, anasintha mzere mu tebulo okha, analemba manga, inamanga. Foda anaisamutsa, anaitcha NJOBVU. Anandionetsa monyadira ngati nyumba ya malata. Abwana abwere Lachisanu, adzaone.

Ndinawafunsa ngati makina sanandifunsenso. Ati, "Olo kamozi, amake Tisunge. Yanakuiwalani."

Ndinayembekeza kuti kamtima kaja kawawa. Ndinaima pamenepo kudikira. Koma jekeseni inalowa, Tisunge anatsegula kukamwa konse, kiliniki yonse inamva, amai akundikodola kuti bwera msanga, akufuna iwe.

Ndikulemba m'basi, dzanja limodzi. Wagona, akuyamwabe.